Kachilombo mu ubongo: yankho kwa mayi a ku Chawama

Mayi ena a ku Chawama andilembera imelo. Mwana wawo ali ndi khunyu, ndipo anaona pa Facebook kuti asayansi akulowetsa tizilombo mu ubongo mwadala. Akufunsa ngati amenewa ndi mankhwala kapena chiphe. Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa mwandigunda pachilonda.

Mng'ono wanga anayamba kugwa ali Giredi 4, tikukhala ku Matero. Aneba ankati ndi majini. Akagwa, ana ankathawa poopa malovu ake, ine ndekha n'kumamutchinga kuti asagwere pambaula. Mapiritsi a phenobarbital anathandizadi, koma ankamuwodzeretsa m'kalasi mpaka anthu n'kumamutcha waulesi. Ndinali wamng'ono, koma ndinkadzifunsa: bwanji mankhwalawa akugoneka mutu wonse pamene olakwa ndi maselo ochepa chabe? Ndiye ndimaseka ndekha ndikamva kuti lero asayansi nawonso akukamba za majini, koma awo ndi tizidutswa ta DNA.

Kachilombo kamene mwamvako ndi AAV, kamene kanapezeka mu 1965. Asayansi amakachotsa zam'kati n'kusiya chikhungwa chokha, ngati envelopu. Mwake mumakwana zilembo za DNA pafupifupi 4,700 basi. Envelopuyo imalowa m'maselo ambiri, ngati munthu woponya kalata pakhomo lililonse m'komboni. Nzeru yagona pa kachidutswa kotchedwa enhancer: kalatayo imawerengeka m'nyumba yokhayo imene ili ndi kiyi wake, kwinako imangokhala yomata. Mu ubongo muli maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, ena ofulumizitsa, ena ogwira mabuleki, ndipo pa mitundu ina ya khunyu, monga Dravet, ndi a mabulekiwo amene amafooka. Mu Meyi 2025, magulu a BRAIN Initiative, ntchito yofufuza za ubongo ku America, kuphatikizapo Allen Institute ya ku Seattle, anatulutsa zida zotere zoposa 1,000.

Chimene amanyamula m'menemo chimandizunguza mutu. Mu 2005 Karl Deisseroth ndi Ed Boyden ku Stanford anaika jini ya ndere za m'madzi m'maselo a mitsempha, maselowo n'kumatumiza uthenga akawalitsidwa ndi kuwala kwa buluu. Ngakhale kachilombo ka chiwewe, komwe kaja timaopera agalu a m'misewu, amakalumaza n'kumakagwiritsa ntchito polondola selo limene likulankhula ndi linzake. Galu wa chiwewe kusanduka kalondolondo wa asayansi!

Koma apa ndikhale wouma mutu. Zambiri mwa izi ndi zida zofufuzira, ndipo zikuyesedwa makamaka pa mbewa. Zolgensma, mankhwala a AAV a matenda ofoola minofu ya makanda, atavomerezedwa mu 2019 mtengo wake unali madola 2.1 miliyoni. Mayi wogulitsa tomato ku msika wa Soweto awapeza kuti? Choncho aliyense amene akukuuzani pa WhatsApp kuti ali ndi jakisoni wa majini wochiza khunyu, mumutumizire kaye ndalama pafoni, ndi mbava. Sindibweza mawu.

Tsono mutani?

Musaleke mapiritsi mwadzidzidzi. Muzilemba tsiku lililonse limene mwana wagwa, ndipo ngati akuwodzera kwambiri, kawauzeni akukiliniki akutumizeni ku chipatala chachikulu cha UTH akaone mlingo. Akagwa, mugonekeni chammbali, musamuike supuni m'kamwa. Mng'ono wanga uja pano amasoka zovala ku Kamwala, ndipo mapiritsi ake amamwabe madzulo aliwonse.