Akuti akweze pati kuti wailesi imveke

Imelo yabwera kuchokera kwa achimwene ena a ku Bangula. Akuti remote ya muofesi mwawo yomwe imayendetsa wailesi ya ovaova yomwe ili patali, mawu akumveka ngati munthu walowetsa mutu mundowa, nthawi zina akadina PTT, batani lolankhulira lija, wailesiyo osadzuka nkomwe, ndiye akufunsa kuti akweze pati.

Akweze pati! Achimwene mwanditokosola pachilonda, chifukwa wokweza woyamba ndinali ine.

Mu January 2015 madzi atasefukira muja, Makhanga atasanduka chilumba, ndinkagwira ntchito kubungwe lina, ndipo base station yathu, wailesi yaikulu yomwe remote imayendetsa, inali kutali ndi ofesi, pakati pake waya. Anyamata a m'maboti anayamba kudandaula kuti sakutimva, ine ndi kasikuludiraiva kanga ndinapotokola tinati tonse tam'kati tokwezera mawu mpaka kumapeto, ndikudzimva ukatswiri. Aaa zinangofika poipa, mawu kung'ambika ngati sipika ya paukwati. Patatha masiku anatsetsereka pa Thabwa mdala wina wa ku Blantyre, sanandikalipire ayi, anangofunsa kuti mwana wanga toni yako yoyezera ili kuti? Ndinangoyang'ana pansi.

Ndi mdalayo anandiuza kuti wailesi ya FM ili ndi malire, deviation, kutanthauza mlingo womwe mawu amagwedezera frequency ya wailesi, siidutsa 5 kHz pa chanelo ya 25 kHz, pa 12.5 kHz malire ndi 2.5, ndiye ukaithira mawu ochuluka imangowadula mitu, sikuti amveka kutali. Vuto lathu linali majointi a waya omwe ananyowa n'kuchita dzimbiri lobiriwira. Waya wautali amadya mawu akumwamba, opyapyala aja, kuposa akunsi amabesi, nchifukwa chake zimamveka zam'ndowa, komanso toni ya 2175 Hz, kakulira komwe remote imatumiza kukadzutsa transmitter, mbali ya wailesi youlutsa mawu, ili konko kumwambako. Imayamba mwamphamvu kwa 120 ms, kenako kabwera katoni kosankha chanelo ngati 1950 Hz kwa 40 ms, kenako 2175 ija imatsika kwambiri n'kumangoyenda pansi pa mawu anu mpaka mutasiya batani. Ikafooka munjira wailesi imagona kapena kumangodukiza.

Ndipo ndinene pano, mabwana ambiri amalolera kugula wailesi yatsopano koma mita yoyezera ayi, ati khutu lilipo. Khutu lake liti? Lomwe lakhala tsiku lonse pafupi ndi jenereta? Kuno kuchigwa mu October kutentha kumapyola 40, bokosi lili mukanyumba kamalata, mavu amangamo, chiswe chikudya pholo, batire lauma madzi, wina n'kumati vuto ndi volume basi. Za mabatire ndidzalemba tsiku lina, ndili nazo mawu.

Ndiye mupange chani

Yambani kuyenda wapansi motsatira waya, jointi iliyonse muitsegule, yadzimbiri mudule mulumikize bwino. Onani kuti mbali zonse ziwiri, remote ndi base, zatcheredwa pa 600 ohms. Kenako tumizani toni ya 1000 Hz kuchokera pa remote pa mlingo womwe buku la makina anu likunena, wina akhale ku base akusintha mpaka deviation ifike 3 kHz, kapena 1.5 ngati chanelo ndi yopapatiza. Yesaninso 400 ndi 2500 Hz, ngati yakumwambayo yagwa kwambiri ndi pomwe mukhudze equalizer, yobwezeretsa mawu akumwamba ija, pang'onopang'ono. Maikolofoni ndi yomaliza. Kanati kamodzi nthawi imodzi, ndipo musanakagwire jambulani ndi foni pomwe kanali.