Kodi usipa ungafike ku Limbe pa sitima?

Mayi wina wogulitsa usipa ku Makawa watilembera pa imelo kufunsa ngati angatumize matumba ake ku Limbe pa sitima ya pamtunda, komanso chifukwa chake njanji inatilambalala kuno ku Mangochi.

Mayi, tiyambe ndi Limbe. Njanji yoyamba m'dziko muno inachokera ku Nsanje, komwe kale ankati Port Herald, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908 kudzera ku Limbe. Likulu la njanji ndi malo okonzera injini zili pa Limbe pomwepo. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatheka, katundu n'kumafika ku doko la Beira osawolokanso pa bwato. Chaka chomwecho njanji yakumpoto inafika ku Salima kudzera ku Balaka. Inakumana ndi nyanja pa Chipoka, ife n'kutisiya pambali. Mu 1970 inatsegulidwa ina yochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde ndi Nayuchi, yolowera ku Nacala.

Choncho siteshoni yomwe mungaifike mosavuta ndi ya Liwonde. Kwezani matumbawo minibasi ya mumsewu wa M3, mtunda wa makilomita 70 ndi kanthu kuchokera pa boma la Mangochi, ndipo mugwirizane mtengo wa katundu musanakwere, osati kondakitala atamanga kale. Koma dziwani ichi: njanji sidutsa ku Zomba ngati msewu. Imayamba yalowera kumadzulo mpaka pa Nkaya, kenako n'kutembenukira kumwera, kuwolokanso Shire, kudutsa Lirangwe ndi Blantyre, ndiye Limbe. Ndi njira yozungulira ndithu.

Vuto lalikulu ndi nthawi. Sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse, ndiye funsani pa siteshoni tsiku ndi ola musanachoke kunyumba. Njanji ndi imodzi, sitima zimapatukirana pamalo ochepa, ndipo pakati pa Nkaya ndi Liwonde pamadutsanso sitima zazitali za malasha ochokera ku Moatize ku Mozambique. Kudikira kumakhalapo.

Usipa wouma bwino, woti mukauthyola umalira kuti thwa, ungapirire ulendowu. Wofutsa wosaumitsitsa umatentha mkati mwa thumba n'kuchita nkhungu, ndipo ukapanikizidwa pansi pa matumba a chimanga umafika utanyenyeka. Chambo chachiwisi chokha musayese n'komwe. Ngati muli ndi matumba awiri kapena atatu, musatsike pa Liwonde, pitirirani pa msewu mpaka ku Limbe.