Funsani Dokotala: chimanga chonyowa, kachasu wa masau ndi chiwindi chanu

Mafunso a ulendo uno achokera kuchigwa cha Shire, ndipo onse ndi okhudza mowa.

Adokotala, ndine mayi wa ku Makhanga, ndimafulula masese kuti ndipeze fizi ya ana. Madzi atasefukira chimanga changa chinanyowera m'matumba ndipo china chachita chuku. Nsima sindingaphikire, koma anzanga akuti chofululira mowa chilibe vuto poti mowa umawira pamoto. Kodi n'zoona?

Mayi, chimanga chimenecho chisalowe mumbiya yanu. Ndikudziwa kuti kutaya thumba la chimanga chaka cha madzi n'kowawa, koma tamvani zimene zinachitikira anansi athu a ku Mozambique.

Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete, anthu ochokera kumaliro anamwa mowa wamasese umene kumeneko amati pombe. Anthu oposa 200 anadwala ndipo 75 anamwalira, mmodzi mwa iwo mayi amene anafulula mowawo. Mphekesera inali yoti wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Ife a m'mbali mwa Shire nkhani ya ndulu ya ng'ona tinakula nayo, choncho ambiri kunonso anangovomera. Akatswiri atayeza mowawo ndi ufa wake anapeza zina. Ufa wa chimanga umene anafululira unali utanyowa ndi madzi osefukira, ndipo munamera kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kamatulutsa poizoni woopsa zedi. Poizoniyu sanunkha, samveka pakamwa, ndipo moto sumupha. Amalepheretsa thupi kupanga mphamvu, n'kuwononga chiwindi, impso ndi ubongo. Mankhwala omusungunula kulibe. Kuchipatala timangothandiza thupi kuti lipirire.

Chuku chimene mwachionacho chili ndi vuto lakenso. Mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amenenso saopa kuwira ndipo amadutsa mpaka m'chipanda cha womwa. Ameneyu kawirikawiri sapha tsiku lomwelo. Amadya chiwindi pang'onopang'ono, ndipo kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo kotupitsa chiwindi ka hepatitis B, khansa ya chiwindi imayandikira kwambiri.

Chigwa chathu chamira kangapo: 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Nthawi zonse madzi akaphwa pamatsala chimanga, mapira ndi mchewere zonyowa, ndiye mtima umati zokana mphika zipite kumowa. Lamulo langa n'losavuta: chimene simungadyetse mwana wanu musachifululire. Chimera chiumitseni bwino pamphasa kapena pathandala, osati padothi, ndipo chikatuluka nkhungu yobiriwira, yakuda kapena yachikasu, chitayeni. Chimanga chovundacho chikwirireni. Musapatse ng'ombe kapena mbuzi, chifukwa poizoni wa chuku amatulukiranso mumkaka. Madzi ofululira ndi otsukira mbiya akhale a pamjigo kapena othira klorini. Ndipo anthu angapo amene amwera mbiya imodzi akayamba kusanza, kupweteka m'mimba ndi kufooka, thamangani nawo kuchipatala mutanyamula mowa wotsalawo. Nthawi yofunafuna wothira ndulu ndi imene odwala amafera.

Ndine bambo wodula nzimbe ku Nchalo. Agogo anga ankamwa mowa wa mapira mpaka kukalamba. Ine ndimamwa kachasu wa masau chifukwa ndi wachilengedwe, pamene mowa wa m'botolo amathiramo mankhwala. Wabwino ndi uti?

Bambo, choledzeretsa cha m'mowa uliwonse n'chimodzi, ethanol, kaya mowawo watchezedwa kuseri kwa nyumba kaya wachokera kufakitale ya ku Blantyre imene Carlsberg inatsegula mu 1968. Chiwindi sichifunsa kuti wafulula ndani. Chimawerenga kuchuluka basi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Botolo la 330 ml la mowa wa kufakitale limakhala ndi choledzeretsa cha pafupifupi magawo 5 pa 100. Paketi ya lita imodzi ya Chibuku ikufanana ndi mabotolo awiri otere, ndipo mphamvu yake imakwera ikamakhalitsa poti imapitiriza kusasa. Kachasu alibe muyeso wodziwika, koma tiyerekeze kuti ali ndi magawo 40 pa 100, ngati mowa waukali wa m'sitolo. Wodzaza botolo la Fanta la 300 ml ndiye kuti ndi mabotolo 7 a mowa, ndipo ambiri amamaliza limenelo dzuwa lisanalowe. Chiwindi chimatenga ola lathunthu kapena kuposa kuti chichotse botolo limodzi lokha la mowa wa kufakitale.

Agogo anu sindiwatsutsa. Koma mowa wawo unali wofooka, wokhuthala ngati phala, ndipo unkabwera ndi nyengo: pa dima, pa ukwati, pa maliro, pokolola. Sunkagulitsidwa tsiku lililonse pakhomo lililonse. Wanu ndi wotcheza, ndipo mukuumwa mutatha tsiku lonse m'munda wa nzimbe, thukuta lili kamukamu. Kutentha kwa kuno kumakuchotsani madzi, mowa nawo umakukodzetsani, impso n'kumavutika pawiri. Mukaweruka yambani mwamwa madzi ambiri ndi kudya.

Kachasu ali ndi choopsa chinanso. Zipatso monga masau zikamasasa zimatulutsa pang'ono poizoni wotchedwa methanol, ndipo ngozi yaikulu imadza pamene ogulitsa ena athiramo spiriti kapena mankhwala ena kuti mowa ukalipe. Methanol amachititsa khungu ndipo amapha. Zizindikiro zake zimachedwa, maola 12 mpaka 24: kuona mwachimbuuzi, mutu waukulu, kusanza, kupuma mofulumira. Amenewo si matsire, musagonere. Kumbukiraninso kuti Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo mowa waukali pamodzi ndi fodya zimaikoka. Nsima ikayamba kukakamira pakhosi, kapimitseni msanga.

Mwandifunsa wabwino. Wa m'botolo mphamvu yake imalembedwa ndipo mumadziwa chimene mukumwa, ubwino wake ndi womwewo. Sindingakuuzeni kuti ulipo mowa wopindulitsa thupi.

Ndili pa ma ARV ndipo ndayamba mankhwala a TB. Uchema si mowa weniweni, ndingamamweko? Ndikamwa ndizidumphitsa mankhwala tsiku limenelo? Mnyamata wa ku Bangula.

Achimwene, uchema ukangochoka pamtengo umayamba kusasa, ndipo pofika masana ndi mowa ndithu. Mankhwala a TB amalemetsa chiwindi paokha, ndiye miyezi 6 imeneyi musamwe chilichonse choledzeretsa. Maso akachita chikasu kapena mkodzo ukada, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Ma ARV musadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ngakhale zitachitika kuti mwamwa. Kudumphitsa ndi kumene kumapatsa kachilombo mpata woti kasamvenso mankhwala.

Amuna anga amwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Sabata yatha analumbira kutchalitchi kuti asiya. Patapita masiku awiri anayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona njoka pakhoma. Apongozi akuti alodzedwa chifukwa chosiya anzawo a kumowa. Nditani? Mayi wa ku Ngabu.

Mayi, amuna anu achita chinthu cholimba mtima, ndipo sanalodzedwe. Ubongo umene wazolowera mowa zaka zambiri umasokonezeka mowawo ukachoka mwadzidzidzi. Kunjenjemera kumayamba tsiku loyamba, ndipo tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amakomoka ngati a khunyu, ena amaona zinthu zomwe palibe. Matendawa amapha akalekereredwa, koma amachizika. Pitani nawo lero kuchipatala cha Ngabu kapena cha boma ku Chikwawa. Kumeneko amapatsidwa mankhwala okhazika ubongo kwa masiku ochepa, madzi a m'thupi, ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Akauzeni madokotala mosabisa kuchuluka kwa mowa umene ankamwa ndi tsiku limene anamwa komaliza, chifukwa mlingo wa mankhwala umadalira zimenezo.

Panjira musawamange, musawasiye okha, ndipo akakomoka agonekeni chammbali osawaika kanthu m'kamwa. Apongozi atengeni apite nanu, akamve okha kwa adokotala. Akatuluka m'chipatala mudzafunika thandizo lawo, makamaka masiku amene ndalama za thonje zalowa m'nyumba ndipo anzawo akale ayamba kuzungulira pakhomo. Funsaninso kuchipatalako za ogwira ntchito za matenda a maganizo, kuti amuna anu azikaonana nawo mwezi ndi mwezi.