Zigoba za mazira ndi mankhusu a mpunga m'matailosi

Funso: Ndili ndi bekare, ndipo tsiku lililonse timataya zigoba za mazira zodzaza ndowa. Ndamva kuti ena amapangira matailosi. Kodi n'zoona? Nanga mankhusu a mpunga angathandizenso? Wowerenga wanu, Lilongwe.

Yankho: N'zoona ndithu, bambo, koma makamaka n'za matailosi a pakhoma. Pafupifupi 95 peresenti ya chigoba cha dzira ndi calcium carbonate, yemweyo amene ali m'mwala wa laimu womwe mafakitale amasakaniza ndi dongo. Tsukani zigobazo, muchotse kachikopa kam'kati chifukwa kamasiya kuda m'kati mwa tailosi, muziyanike ziume gwa, kenako muzipere. Pa makilogalamu 100 a zosakaniza zonse, ufa wa zigoba ukhale makilogalamu 10 mpaka 15.

Kupera ndiye pagona nkhani. Moto ukafika pakati pa madigiri 800 ndi 900 a Celsius, ufawo umatulutsa mpweya wa carbon dioxide n'kusanduka laimu. Laimuyo ayenera kulumikizana ndi dongo pamene moto ukukwera mpaka madigiri 1,100 kapena kupitirira pang'ono. Ufa ukakhala wa mibulu, timibuluto timatsala tokha osalumikizana. Tailosi imatuluka mu uvuni yooneka bwino, koma pakapita masabata laimu uja amamwa chinyezi, amafufuma, tailosi n'kuyamba kusweka timaenje toyera pamwamba. Choncho ufa udutse pa sefa ya timabowo ta mamaikoroni 75 (mamilimita 0.075), usalale kuposa ufa woyera wa nsima. Musafulumizenso moto pa madigiri 800 aja. Mpweya ukatsekeredwa, glaze (utoto wonyezimira ngati galasi wa pamwamba pa tailosi) amatuluka timabowo.

Sitikulangizani kuika zigoba zambiri m'matailosi a pansi. Mpweya uja umasiya timipata, ndipo tailosi imamwa madzi kupitirira 10 peresenti ya kulemera kwake, pomwe ya porcelain (mtundu wa tailosi yolimba kwambiri) siyenera kupitirira 0.5 peresenti.

Mankhusu a mpunga, omwe amaunjikana pa zigayo za ku Karonga ndi Nkhotakota, amathandiza akasanduka phulusa. Phulusalo lili ndi silica wambiri, yemweyo amene ali mumchenga, ndipo limalowa m'malo mwa gawo la mchenga wopera. Lipse mpaka liyere. Lakuda likadali ndi makala amene amatupitsa tailosi.

Musanapange zambiri, umbani timatailosi toyeserera. Tikapsa, tiyezeni pa sikelo tili touma, tiwiritseni m'madzi maola awiri, tizizire m'madzimo, mutipukute n'kutiyezanso kuti mudziwe kuchuluka kwa madzi amene tamwa. Uvuni wa njerwa wa nkhuni sungakupatseni moto wofanana ponseponse, ndiye gwirizanani ndi woumba amene ali ndi uvuni wa magetsi kapena wa gasi wokhala ndi choyezera kutentha.