Digiri ili m'chikwama, mwini katapila ali pakhomo

Funso: Akonzi, ndinamaliza maphunziro a digiri zaka ziwiri zapitazo, koma mpaka lero ndili kwa makolo kuno ku Nkhotakota popanda ntchito. Ndili ndi ngongole ya boma yomwe ndinaphunzirira, komanso ndinatenga katapila kuti ndipeze yoyendera pokafunsira ntchito ku Lilongwe. Mwini ndalamayo amafika Loweruka lililonse n'kukhala pakhonde mpaka amayi atamupatsa kangachepe. Ndiyambire pati?
Wosowa pogwira, Nkhotakota

Yankho: Achimwene, yambani ndi katapilayo, chifukwa chiwongoladzanja chake chimabereka mwezi ndi mwezi, ndipo tsopano chikudya ndalama za mayi anu. Khalani naye pansi mwini ndalamayo pamaso pa amalume anu kapena amfumu, mupemphe kuti chiwongoladzanja chiime, ndipo zomwe mwagwirizanazo zilembedwe papepala, nonse musainire. Ngongole ya boma ija, ya bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2015, musaithawe. Lilembereni kalata yofotokoza kuti simunapeze ntchito, ndipo musunge kope lake.

Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo wa ku Lilongwe wasanduka wodula kwambiri, choncho musakwerenso minibasi ndi ndalama yokongola pokhapokha atakuitanani kumayeso a ntchito. Pakadali pano phunzitsani ana okonzekera mayeso a MSCE madzulo, ndipo zomwe mwapeza mugulire mpunga wa kilombero nthawi yokolola, pamene mtengo uli wotsika, mukapunthitse kuchigayo n'kumagulitsa m'mapaketi kwa apaulendo apamsewu wa M5.