Pamwamba pa njanji pali mwini wake

Achimwene, nkhani yanu yomanga mashopu, maofesi ndi nyumba zogona pamwamba pa njanji pafupi ndi siteshoni ya Limbe kapena ya ku Wenela yandibwezera ku 2016, chaka chimene ndinataya zonse chifukwa cha malo a m'mbali mwa njanji yomweyi.

Ndinagula kapuloti pakati pa Limbe ndi Blantyre, mapazi ochepa kuchoka pa njanji, kwa bambo wina amene anabwera ndi dobadoba wake atanyamula pepala lokhala ndi chidindo. Ndinapereka K900,000 imene ndinasonkhanitsa kwa zaka zinayi ndikugulitsa kaunjika, ndipo ndinamanga golosale kutsogolo ndi zipinda ziwiri zogona kumbuyo. Tsiku lina tinadzuka n'kupeza chizindikiro chofiira pakhoma, koma dobadoba uja anandiuza kuti ndisadandaule, akakonza yekha, ndipo anatenganso K60,000.

Ogumula nyumba anabwera m'mwezi wa June, kunja kuli chiperoni, nthawi isanakwane 6 koloko m'mawa. Mayi akunyumba anali atangotereka phala pa mbaula, ana atavala kale yunifolomu, pamene tinamva katapila akubangula kuseri kwa nyumba ya aneba. Anatipatsa mphindi zochepa zoti titulutse katundu. Ndinayamba ndi filiji chifukwa inali ya ngongole ya banki mkhonde imene tinali tisanamalize kubweza, koma inakanika kudutsa pakhomo, ndipo ndili pakati polimbana nayo khoma lakumbuyo linagwa. Mabelo a shuga ananyowa m'matope, mafuta ophikira anatayikira mu ngalande, ndipo anthu ena amene ndinkawakongoza sopo ndi mchere anatola katundu wanga n'kuthawa naye ndikuwaona. Mwana wanga wamkazi anali atangolemba kumene mayeso a Sitandade 8, ndipo anakhala pa mulu wa njerwa akufukula makope ake ndi manja, osalira, osayankhula. Sitima inadutsa cha m'ma 8 koloko ikuliza hutala, ife titaima pambali ndi malata opindika.

Ogumulawo sindiwaimba mlandu, pakuti anandionetsa mapu ndipo nyumba yanga inalidi m'malo osungidwira njanji. Mkwiyo wanga uli pa bambo uja, munthu wa imvi amene ankadziwa bwino lomwe kuti malowo si ake, anadya nsima m'nyumba mwanga, n'kumanditchula kuti mwana wake. Foni yake inasiya kugwira tsiku lomwelo. Dobadoba uja ndimakumana naye mpaka lero m'tauni atavala tayi, atanyamula envulopu, akusaka wina woti amudyere, ndipo akandiona amawolokera tsidya lina la msewu.

Tsono musatengeke ndi zithunzi za kumayiko akunja zokha. Njanjiyi inafika ku Blantyre mu 1908, mzinda unakula moizungulira, ndipo malo ake ali ndi eni. Njanji ndi ya boma, pamene kuyendetsa sitima kunaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways mu 1999, choncho womanga pamwamba pake ayenera kugwirizana ndi onse awiri, kenako n'kupeza chilolezo cha mapulani monga likunenera lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa lamulo la 1988. Malo amene analembedwa kuti ndi a mayendedwe sasanduka a malonda ndi pogona chifukwa choti wina wajambula chithunzi chokongola; ntchito ya malowo iyenera kusinthidwa polemba. Ku New York, malo a Hudson Yards, kumene anamanga nyumba pamwamba pa njanji, anasinthidwa malamulo mu 2005, koma gawo loyamba linatsegulidwa mu 2019, ndipo sitima zimene zili pansi pake ndi zamagetsi. Zathu kuno ndi za dizilo, zimatulutsa utsi, zimagwedeza nthaka, ndipo zina zimakoka matanki a mafuta. Ine ndinagona pambali pa njanji miyezi khumi ndi inayi, makapu ankasuntha okha pa shelefu ndipo pulasitala inang'ambika isanathe chaka. Amene akufuna kugoneka ana pamwamba pake ayambe wafotokoza kumene utsi udzatulukire, kumene anthu adzathawire moto ukabuka, ndi kumene madzi adzadutse, chifukwa tonse tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita mumzinda uno mu March 2023.

Munthu akakuuzani kuti mupereke ndalama yosungitsira shopu m'nyumba imene sinamangidwe, musapereke ngakhale tambala musanaone chikalata cha lease, chilolezo cha mapulani ndi kalata ya eni njanji, ndipo mukazitsimikize nokha ku maofesi ake, osatuma munthu. Komabe ndikuuzeni zoona, miyezi imene ndinakhala pamalo paja ndi imene ndinapeza ndalama kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wanga, chifukwa anthu oyenda pansi otsata njanji popita ku ntchito ku Makata ankagula kuyambira m'bandakucha, ndipo ine sindinkalipira minibasi kapena lendi ya malo awiri. Mzinda wathu wapanikizika, anthu akukwera kukamanga m'mapiri a Soche ndi Ndirande, pamene malo apakati pa tauni akungokhala. Ndiye mukamva kuti ntchito yotere yayambadi, musadikire kuti zonse zioneke bwinobwino, chifukwa mashopu apansi oyang'ana kokwerera mabasi amatha msanga ndipo amagwera anthu a ndalama kale. Ineyo ndikanakhala ndi mpamba lero ndikanalembetsa m'gulu loyamba, bola shopu yokha, ana anga azigona ku Bangwe kumene tikuchita lendi panopa.