Pampu ya ku basement ikulira usiku wonse: yankho kwa achemwali a ku South Bend

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku South Bend, ku Indiana, kuno ku America. Anagula nyumba chaka chatha, yokhala ndi basement, chipinda chija cha pansi pa nthaka, ndipo funso lawo mwachidule ndi ili: "Pakona ya basement pali dzenje lovundikira, m'kati muli pampu. Mvula ikagwa imangolira usiku wonse, ife tulo osaona. Pulambala wina akuti tigule pampu yaikulu. Bambo a kunyumba akuti tingoizula pasoketi chifukwa ikutha magetsi. Tikufunanso kuyala kapeti kuti alendo azigona kumeneko. Titani?"

Achemwali, ndiyambe ndi bambowo. Auzeni mwaulemu wonse kuti pulagiyo asaikhudze. Pampu ikamalira ndiye kuti ikugwira ntchito yake. Tsiku limene kunja kudzagwe chimvula koma pansipo pali zii, tsiku limenelo ndiye mudzatsike masitepe mothamanga.

Ife kwathu timamanga pamwamba pa nthaka, n'chifukwa chake dzenje la m'nyumba limatidabwitsa. Kuno nthaka imauma gwaa ndi kuzizira, ndiye maziko amayenera kutsika kupitirira pomwe kuzizirako kumafika, ndipo kumpoto kwa Indiana ndi pafupifupi mita imodzi. Poti akumba kale, amangowonjezera pang'ono n'kupezerapo chipinda. Choncho basement yanuyo ndi chitsime chimene anachiwaka bwino n'kuchiyatsira magetsi. Madzi a m'nthaka amafuna kulowamo nthawi zonse. Omanga amayala paipi yobowolabowola m'miyala mozungulira maziko, madzi n'kumatsata paipiyo mpaka m'dzenje lija. Akakwera amanyamula kachoyandama, kofanana ndi kaja ka m'thanki ya chimbudzi, pampu n'kuyaka, n'kuwaponya kunja. Nzeru yake yonse ndi imeneyi.

Tsopano za pulambalayo. Sindikuti ndi wakuba, koma pampu yaikulu si mankhwala a matenda amene mwafotokozawa. Nyumba zambiri zimakwanira ndi pampu ya mphamvu ya 1/3 horsepower, zina 1/2. Yaikulu imafunika ngati yomwe ilipoyo ikupopa osapuma koma madzi akukwerabe m'dzenje. Yanu ikupopa, kusiya, kupopanso. Mukaika yamphamvu kwambiri m'dzenje lomwelo izikhuthula m'masekondi ochepa, kuzima, kuyakanso, ndipo chimene chimatopetsa mota ndi switchi ndi kuyakayaka komweko.

Musanatulutse ndalama, mvula ikadzagwanso dzatsikeni ndi tochi, muvundukule dzenjelo, mungoyang'ana. Pampu ikangozima, mvetserani. Mukamva madzi akubwerera khuu m'paipi, dzenje n'kuyamba kudzazanso nthawi yomweyo, ndiye kuti valavu yoletsa madzi kubwerera, ija amati check valve, yatha kapena sinaikidwe n'komwe. Ndi kachinthu kotsika mtengo, ndipo munthu wodziwa kugwira sikuludiraiva amakasintha yekha. Mukatero valani jekete mutuluke panja mukaone kumene paipiyo ikulavulira. Nyumba zambiri ndazionapo paipi ikuthera pakhoma penipeni. Madzi amene pampu yatulutsa amalowanso m'nthaka pomwepo, kutsika, kubwerera m'dzenje. Kumeneko ndi kutunga madzi ndi dengu. Paipi izikathera mamita atatu kapena kuposerapo kuchoka pakhoma, kumene nthaka yatsetsereka, koma osati pabwalo la aneba, mungadzadane ndi anthu. Musailumikizenso kupaipi ya zimbudzi, m'mizinda yambiri kuno ndi mlandu.

Muli panja pomwepo, kwezani maso kudenga. Tiwerengere limodzi. Mvula ya mamilimita 25 ikagwa padenga la masikweya mita 100, ndi malita 2,500 a madzi. Migolo ikuluikulu yoposa khumi. Ngati ngalande za padenga zadzaza masamba, kapena mapaipi otsitsa madzi akuthera m'munsi mwa khoma, madzi onsewo mukuwathira nokha pamaziko, kenako n'kumalipira magetsi oti pampu iwachotse. Agogo athu sankadziwa pampu koma ankadziwa zimenezi. Mvula isanayambe ankaunjikira dothi m'mbali mwa nyumba n'kulambula kangalande kuseri. Kuno lamulo lake n'lomwelo, angoliika m'manambala: nthaka itsike mainchesi 6 pa mafiti 10 oyamba kuchoka pakhoma. Madzi saiwala khwawa, ndiye khwawalo alozereni nokha. Anthu ambiri akangokonza kunjaku, pampu imayamba kulira mwa apo ndi apo.

Koma chimene ndikufuna mugonere nacho m'mutu ndi china. Pampu imadya magetsi, ndipo mphepo imene imabweretsa chimvula ndi yomweyo imagwetsera mitengo pamawaya. Ife tinakulira kumene kuthima kwa magetsi n'kosadabwitsa, timangoyatsa kandulo n'kupitiriza macheza. Kunoko magetsi akathima usiku wa mvula, pansi pa mapazi anu chitsime chija chayamba kudzaza.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Chaka chachiwiri m'nyumba yathu, magetsi anathima cha m'ma 11 usiku. Ndinagona bwinobwino, ndikudzitama kuti Mmalawi saopa mdima. M'mamawa ndikutsika kuti ndikatenge malaya, sitepe yomaliza sinkaoneka. Madzi anali olekeza m'akakolo, ozizira, pamwamba pakuyandama patapata ndi chidole cha mwana. Sutikesi imene munali zitenje za mayi a kunyumba, zina anapatsidwa paukwati, inali pansi. Thumba la ufa limene tinavutika nalo kulipeza linasanduka phala. Katoni ya zithunzi za kumudzi tinaiyanika pakhonde chimodzichimodzi, koma zambiri zinamatirirana, nkhope n'kufufutika. Pampu yanga inalibe vuto lililonse, inali yatsopano ndithu.

Ndiye ndalama imene mumati mugulire pampu yaikuluyo, gulirani yachiwiri yoyendera batire. Imakhala m'dzenje lomwelo, kachoyandama kake kali m'mwamba pang'ono, ndipo imadzuka yoyambayo ikalephera, kaya chifukwa cha magetsi, kaya yafa, kaya madzi ayichulukira. Batire yake ndi ya mavoti 12, yonga ya galimoto m'maonekedwe koma yopangidwira kutha pang'onopang'ono. Imakankha maola angapo ikamapopa mosalekeza, nthawi yotalikirapo ikamapumira. Batireyo imakalamba, muziisintha pakapita zaka zitatu mpaka zisanu. Palinso mtundu wina woyendera mphamvu ya madzi a pampopi, wosafuna batire, koma umagwira pokhapokha ngati madzi anu ndi a mzinda. Ngati ndi a chitsime chanu chopopa ndi magetsi, iwalani. Onjezerani kabelu kolira madzi akagunda pansi, kena masiku ano kamatumiza uthenga pafoni. Ndipo ngati mudzagule jenereta, izikhala panja, mafiti 20 kuchoka panyumba, osati mugalaja kapena ku basement. Mpweya wakupha umene uli mu utsi wake sununkha, umangogoneka banja lonse osadzukanso.

Inu a ku South Bend funsani aneba za February 2018. Mvula inagwa pa chipale chosungunuka nthaka isanafewe, madzi anasowa kolowera, mtsinje wa St. Joseph unakwera kuposa mmene unalembedwerapo kale lonse. N'chifukwa chake nthawi yoopsa si ya mabingu yokha. Kumapeto kwa dzinja la kuno paipi yotulutsa madzi imatha kutsekeka ndi ayezi, pampu n'kumalira chabe mpaka kupsa. Muziyang'ana kukamwa kwake.

Za inshuwalansi, imbani foni sabata ino. Inshuwalansi wamba ya nyumba kawirikawiri silipira madzi osefukira kuchokera m'dzenje la pampu kapena obwerera m'paipi ya zimbudzi. Pamafunika kuwonjezera gawo lina, amalitcha water backup, ndipo muwafunse kuti limalipira mpaka ndalama zingati. Inshuwalansi ya madzi osefukira a mumtsinje ndi nkhani inanso. Boma lili ndi pulogalamu yake ya inshuwalansi imeneyi, yotchedwa NFIP, imene inayamba mu 1968 ndipo imayendetsedwa ndi FEMA, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Nthawi zambiri imayamba kugwira ntchito patatha masiku 30 mutagula, ndiye simungaigule mitambo itada kale. Ku basement imathandiza pa zinthu monga makina otenthetsa nyumba ndi giza, koma kapeti ndi katundu wambiri amene timaunjika kumeneko ayi.

Zafika pa kapetiyo. Ine ndikadakhala inu sindikadayala yomata pansi. Kapeti ikanyowa, pakangotha tsiku limodzi kapena awiri chuku chayamba, ndipo fungo lake alendo anu adzalimva ali pakhomo. Ikani matailosi kapena zoyala za pulasitiki, pamwamba muponye kakapeti koti mutha kukakulunga n'kuthawa nako. Masutikesi ndi makatoni akwere pamashelefu. Mapasipoti, mapepala a nyumba ndi zithunzi zikwere m'mwamba, ku chipinda chogona. Ndipo tsiku lina mukadzapeza madzi pansipo, musapondemo ngati afika pasoketi kapena pamakina alionse. Ngati bokosi lozimitsira magetsi lili komweko, itanani odziwa.

Pomaliza fufuzani zaka za pampu yanuyo, chifukwa zambiri zimatopa pakati pa zaka 7 ndi 10, ndipo amene anakugulitsani nyumba mwina sanakuuzeni. Loweruka likubwerali tengani ndowa, mudzaze madzi, muthire m'dzenjemo pang'onopang'ono mpaka iyake. Onani ngati kachoyandama kakukwera momasuka osakodwa pakhoma kapena pawaya, chotsani timiyala ndi zinyalala pansi, muonetsetse kuti yazima yokha. Ndowayo anyamule ndi bambo aja, aone ndi maso awo mmene madzi akutsikira, kenako mudzandilembere zimene anena za pulagi.